Khomo Lopapatiza: Mbiri ya Kubera Mayeso Monga Ionekera ku Gombe la Salima

Kalekale, njanji isanafike ku Salima, belu la sukulu lisanamveke m'midzi ya kwa Maganga, kwa Pemba, kwa Kuluunda ndi kwa Makanjira, anthu a m'mbali mwa nyanja adali nawo mayeso awo, ndipo mayesowo adali aukali kuposa amene ana athu alemba lero, pakuti woyesa ndi woyesedwa ankapenyana maso ndi maso. Mnyamata wofuna kutchedwa msodzi ankapatsidwa nkhafi pamaso pa atsibweni ake, ndipo bwato likayamba kuzungulira pamalo amodzi mwera utauka, padalibe kapepala kamene akadasolola m'thumba kuti kamuongolere. Namwali ankabwereza mwambo pamaso pa anamkungwi amene adamuona akubadwa; mwana wa ku madrasa ankalakatula pamtima ndime zake, shehe ali phee pamphasa, akutchera khutu pamene lilime literereke. Ndikanama nditati anthu a nthawi imeneyo adali oyera mtima kuposa ife, pakuti bodza, umbava ndi miyeso yonyenga n'zakale monga dziko lomwe. Koma chinyengo cha mtundu umene tikamba lero chidalibe pobisala, popeza munthu sangabere mayeso pamene womuyesa adziwa dzina lake, mawu ake, ndi amene adamubala.

Sukulu itafika, siidasinthe zimenezi msanga. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, amene adamanga ku Mvera mu 1889 pamwamba pa mapiri oyang'ana kunyanja, adatumiza aphunzitsi awo kutsikira kuchigwa, ndipo Akatolika nawo, atakhazikika ku Mua mu 1902, adayala timasukulu tawo ta udzu cha kumwera. Koma mayeso a m'timasukulu timeneti adali a pakamwa ndi a pasileti, mwana ali chiimire, m'busa kapena woyendera sukulu atakhala patsogolo pake. Kubera kwa masiku amenewo kudali kunong'onezana ndi kuponya diso pa sileti ya mnzako, chilango chake kamkwapulo, nkhani n'kuthera pomwepo. Tisaiwalenso kuti midzi yambiri ya m'gombe muno ndi ya Asilamu, ndipo makolo ambiri a kumeneko adakana kupereka ana awo ku sukulu za mishoni poopa kuti akabwerako ndi dzina lachilendo ndi chipembedzo china. Chotero kwa zaka zambiri chitupa cha sukulu chidali chinthu chimene anthu a kunyanja ankangochimvera kwa anzawo a kumtunda.

Chimene chidapatsa pepala ulemerero ndi ndalama. Boma la atsamunda lidakhazikitsa nthambi yake ya zamaphunziro mu 1926, ndipo njanji yochokera ku Blantyre, itadzera pa Chipoka, idafika ku Salima mu 1935, itasenza pamodzi ndi katundu wake munthu wa mtundu watsopano, ndiye kalaliki: munthu wa malaya oyera, wolemba matikiti pa siteshoni, woyeza thonje pa msika, wowerengera msonkho ku ofesi ya DC, amene manja ake sankanunkha nsomba kapena kutuluka matuza a khasu. Njira ya ku mpando wa kalaliki idali imodzi, ndiyo chitupa cha sitandade 6. Ndipo wofuna kupitirira pamenepo ankapeza kuti dziko lonse la Nyasaland lidali ndi sukulu za sekondale zosadzaza zala za dzanja limodzi, ya ku Blantyre ya mu 1940, ya Akatolika ku Zomba ya mu 1942, ndi ya boma ku Dedza ya mu 1951. Amene ankafika kumapeto kwa sukulu zimenezi ankalemba mayeso a Cambridge, amene mafunso ake ankapekedwa ku Mangalande, n'kuoloka nyanja yamchere ali omata, mayankho n'kubwerera komweko kukachongedwa ndi anthu amene sadaonepo nkhope ya wolembayo. Apa ndipo padabadwira zinthu ziwiri zimene mbiri yonseyi yatsamirapo: khomo lopapatiza limene khamu la anthu lilimbirana, ndi mtunda wautali pakati pa woyesa ndi woyesedwa, mtunda umene pepala liyenera kuuyenda likupatsiranidwa m'manja mwa anthu ambiri.

Wina asayese kuti nthendayi ndi ya kuno kokha, kapena kuti idadza ndi ana a makono. Dziko la China, limene lidayamba kusankha akuluakulu a boma mwa mayeso olemba zaka zoposa 1,300 zapitazo, n'kudzaleka mwambowo mu 1905, lidaona kale chinyengo chilichonse chimene ife tichiyesa chatsopano: timabuku tobisa m'nsapato, malaya a m'kati olembedwa mawu mbali zonse, anthu olembera anzawo, ndi oyesa olandira ziphuphu. Mafumu a kumeneko sadasiye njira ngakhale imodzi osaiyesa. Wolemba aliyense ankasechedwa pakhomo n'kutsekeredwa m'kachipinda kakekake. Dzina lake linkamatidwa. Ndipo mayankho ake ankakoperedwa ndi alembi ena ndi inki yofiira, kuti wochonga asazindikire dzanja la mwana wa bwenzi lake. Komabe mu 1858, chaka chomwecho chimene bungwe la mayeso la Cambridge lidayamba ntchito yake, ku Beijing kudabuka mlandu wa chinyengo umene udachititsa kuti mkulu woyang'anira mayeso a kumeneko, nduna yaikulu dzina lake Baijun, adulidwe mutu chaka chotsatira. Lupanga lidagwa, koma kubera sikudathe, popeza mipando ya boma idali yochepabe, ndipo oifuna adali osawerengeka.

Tibwerere kwathu. Ufulu utadza mu 1964, boma lidafuna kuti mayeso a ana a Malawi azipekedwa ndi kuchongedwa m'Malawi momwemuno. Chotero mu 1969 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la mayeso a MCE, amene adalembedwa koyamba mu 1972 mothandizana ndi bungwe la ku Britain la Associated Examining Board, ndipo mu 1987 bungwe limeneli lidaphatikizidwa ndi nthambi ya mayeso ya mu unduna, n'kubadwa MANEB imene tiidziwa lero, likulu lake ku Zomba. Sukulu za pulayimale zidachuluka, ngakhale m'midzi ya kunyanja imene kale inkazikana. Chitukuko cha thonje ndi mpunga chimene chidafika ku Salima kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 chidaika kandalama ka fizi m'manja mwa alimi. Koma sukulu za sekondale sizidachuluke mofanana, chifukwa boma la Kamuzu Banda lidafuna kuphunzitsa anthu okwanira ntchito zimene zidalipo basi. Chimene chidatsatira achikumbukira onse amene adadzera m'kalasi zaka zimenezo: mwa ana khumi olemba mayeso a sitandade 8, wosankhidwa ankakhala mmodzi, ndipo kukhoza kokha kudalibe phindu ngati dzina lako silidatuluke pa mndandanda wa opita ku sekondale.

Kuti timvetse kulemera kwa mndandanda umenewo m'dera longa lino, tiyenera kukumbukira chimene mwana wa kunyanja ankataya pokhala m'kalasi. Kumtunda mnyamata wosiya sukulu ankadikira chaka chathunthu kuti aone ndalama ya fodya kapena ya mtedza. Koma ku Senga Bay, ku Lifuwu ndi ku Chikombe mnzake wa msinkhu womwewo ankangokoka nawo khoka usiku umodzi, m'mawa n'kuoneka ndi makobidi m'thumba, akuseka amene akupita kusukulu m'mimba muli pululu. Choncho amene ankapirira kufikira sitandade 8 adali atadzimana kale zambiri, ndipo makolo awo adali atagulitsa mpunga, mbuzi ndi usipa wouma chaka ndi chaka. Mtsikana nayenso ankadziwa kuti akapanda kusankhidwa, ankhoswe ali kale panjira. Mwana wotere akamva kuti wakhoza koma sadasankhidwe, ankabwereza. Zikakanikanso, ankabwerezanso, kufikira ena ankalemba mayeso amodzimodziwo kanayi ndi kasanu, ndevu zitayamba kumera.

M'menemu ndimo mudaphukira chinyengo choyamba chachikulu cha m'dziko muno, ndipo ndipempha owerenga aone bwino kuti sichidali cha ana. Popeza obwereza ankapenyedwa ndi diso lina posankha, ndiponso a zaka zambiri ankakanidwa, makolo ndi aphunzitsi adapeza njira: mwana ankapita ku sukulu ina, kapena ku boma lina kumene kudamveka kuti malo ngosavutirapo, nalembetsa ndi dzina latsopano ndi zaka zochepetsedwa, monga ngati mayesowo akuwaona koyamba. Alipo lero akuluakulu olemekezeka, ena adapuma kale pa ntchito, amene dzina la pa zitupa zawo si limene adapatsidwa atatuluka m'chikuta, koma la mng'ono wawo, la msuweni, kapena la mnzawo amene adasankhidwa koma n'kusowa fizi, malo ake n'kuperekedwa kwa wina mwakachetechete. Enanso ankachita za Yakobo, uja adavala zikopa za mbuzi kuti alandire dalitso la mkulu wake: mnyamata wanzeru wa ku sekondale ankalowa m'chipinda cha mayeso m'dzina la mbale wake, ndipo woyang'anira, pokhala adalibe chithunzi choti afanizire, ankadalitsa monga Isake wa maso akhungu. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo padalibe amene ankakutcha kuba. Ankati n'kuthandiza mwana.

Nthawi ya chipani chimodzi ambiri aikumbukira monga nthawi imene mayeso ankaopedwa, ndipo n'zoona kuti mphunzitsi wa masiku amenewo sakadayerekeza wamba kutsegula envulopu nthawi yake isanakwane, podziwa kuti kundende kunkapitidwa mlandu usanazengedwe. Koma mantha sadachotse kukayikirana, adangokusandutsa ndale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma lidayamba kusankhira ana ku yunivesite potsata maboma ochokera, akuluakulu ena a ku bungwe la mayeso ochokera kumpoto adachotsedwa pa ntchito atanenezedwa kuti ankakondera ana a kwawo, ndipo mu 1989 aphunzitsi a kumpoto adalamulidwa kubwerera ku chigawo chawo, sukulu zambiri za m'chigawo chapakati ndi cha kumwera n'kutsala zoperewera aphunzitsi. Chimene chidatsala m'mitima ya anthu ndi chikhulupiriro chakuti zotsatira za mayeso zili ndi mwini wake kwinakwake. Ndipo munthu amene wakhulupirira kuti anzake adyera kuseri, mtima sumutsutsa naye akapeza kakhomo kake.

Chaka cha 1994 chidatsegula zipata. Boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi ku pulayimale, ana a m'sukulu adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo boma lidalemba mofulumira aphunzitsi pafupifupi 20,000 osaphunzira ntchitoyo, n'kuwapatsa choko atangowalangiza masabata owerengeka. Chidali chinthu chabwino, ndipo ana ambiri a asodzi amene lero ndi anamwino ndi aphunzitsi adalowera pa chipata chimenechi. Koma walira mvula walira matope. Makalasi adasefukira mpaka pansi pa mitengo ya mango. Mu 1998 malo ophunzirira mwa makalata a MCDE adasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera, zambiri zopanda labotale, zopanda mabuku, ophunzitsa ake aphunzitsi a pulayimale. Ndipo sukulu za anthu apadera zidamera paliponse, zina m'nyumba zimene kale zidali sitolo, eni ake akudziwa bwino kuti malonda awo ayenda pokhapokha ana akhoze. Mwana wa pa sukulu yoyendera ya kumudzi, amene sadagwirepo chipangizo cha sayansi ndi dzanja lake, adayenera kuyankha funso lomwelo limene ankayankha mnzake wa ku sukulu ya mishoni yokhala ndi zonse. Pa nthawi yomweyo makina a fotokope adafika m'matauni onse. Ndipo likasa, limene kale lidali kapepala ka mwana mmodzi wamantha, lidasanduka katundu wa pamsika.

Likasa lili pawiri, ndipo amene saona kusiyana kwake alakwira ana. Lilipo laling'ono, limene mwana adzilembera yekha usiku pa nyali, nalipinda kuti lilowe m'sokosi, mu mpendero wa siketi, kapena m'kabokosi ka zipangizo za masamu. Ena alemba pantchafu, pamene woyang'anira wamwamuna sangayerekeze kuyang'ana, ndipo ena akalisiya kuchimbudzi, n'kudzadwala m'mimba mayeso ali m'kati. Limeneli ndi tchimo ndithu, koma ndi tchimo losauka, longolotera, pakuti mwini wake sadziwa chimene chifunsidwe, ndipo kawirikawiri apezeka atasenza mayankho a mafunso amene sadabwere. Aphunzitsi mpaka amaseka kuti ena, pokopera likasa lawo kawiri katatu kuti lichepe, apezeka aloweza phunziro lonse osadziwa. Koma lilipo lalikulu, ndilo pepala lenileni la mayeso lotuluka tsiku lake lisanafike, ndipo limeneli mwana sangalipange, chifukwa alibe mfungulo.

Taonani ulendo wa pepalalo. Lipekedwa ndi aphunzitsi osankhidwa, liunikidwa ndi ena, litayipidwa, lisindikizidwa, liwerengedwa ndi kumatidwa m'maenvulopu, likwezedwa pa galimoto, ligona masiku m'chipinda chosungiramo, ndipo m'mamawa wa tsiku lake linyamulidwa kupita ku Thavite, ku Khombedza kapena ku Chipoka, kumene liyenera kutsegulidwa ana akuona. Pa mayeso a sayansi ochita ndi manja, mphunzitsi auzidwiratu mwachinsinsi zipangizo zoti akonze, ndipo wodziwa ntchito yake akangoona mndandandawo waliona kale funso. Paliponse pamene pepala laima pali munthu wamkulu, wa malipiro ochepa, wa ana ake amene nawonso akulemba, mwinanso wa ngongole kwa wakatapila. Ndipo mwa mazana a anthu amenewa, ngakhale ambiri ndi okhulupirika, akangofooka mmodzi yekha, dziko lonse laona pepala. M'chaka cha 2000 zidaterodi: mapepala a MSCE, mayeso a fomu 4, adatuluka nagulitsidwa, mayeso adathetsedwa, ana n'kulembanso, ndipo mu 2007 mbiri yonga yomweyo idamvekanso m'dziko lonse. Ogwidwa ndi kulembedwa m'nyuzipepala kawirikawiri ankakhala ana ndi aphunzitsi wamba, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Bungwe la mayeso silidakhale manja lende. Lidayamba kusonkhanitsa sukulu zingapo pamalo amodzi olembera, kuti ana asayang'aniridwe ndi aphunzitsi awo. Lidabweretsa zitupa za zithunzi, zimene zidaipitsa malonda a Yakobo. Lidaika apolisi pakhomo, lidasindikiza mapepala kunja kwa dziko, ndipo lidafafaniza zotsatira za ogwidwa. Zonsezi zidathandiza, ngakhale zidadza ndi mtolo wake, umene, monga mwa masiku onse, udagwera osauka: mwana wa kumudzi wakutali adayenera kulawirira ulendo wautali tsiku ndi tsiku, kapena kukagona pansi m'kalasi ya sukulu ya eni, ndi kaufa kake ndi nkhuni zake, masabata onse a mayeso.

Pano ndiloleni ndipatuke pang'ono, pakuti m'boma lomwe lino la Salima muli lamulo lina limene lasungika zaka zoposa 60 popanda mfuti. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi utsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo. Wopita pachilumbapo asechedwa pa doko, mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo wolakwa apirikitsidwa. Asodzi a kumeneko si angelo, ndipo m'madoko ena a nyanja yomweyi anthu akokolola tiana ta nsomba ndi masikito m'nyengo yoletsedwa. Koma pa Mbenji lamulo ligwira chifukwa wolondera ndi wolonderedwa adziwana, ndiponso chifukwa chilumba chikatsegulidwa aliyense amene adadziletsa aona ndi maso ake utaka utadzaza bwato, nalandirako gawo lake. Mayeso athu alibe ziwiri zonsezi. Mwana amene wakana likasa salonjezedwa kanthu. Angoona mnzake amene adagula pepala akukwera basi ya ku yunivesite, iye n'kutsala pa gombe ndi chikumbumtima chake choyera, ndipo ife akulu, amene tidzudzula ana mokweza chaka ndi chaka, tiwapempha chilungamo chimene phindu lake sitidathe kuwaonetsa.

Kenaka idadza foni ya m'manja. Kale wakuba pepala adayenera kulikopera, kulinyamula pa basi, ndi kufunafuna ogula mmodzimmodzi, kotero kuti likasa la kumizinda linkatha kufika kunyanja mayeso atapita. Lero chithunzi chimodzi chojambulidwa m'chipinda chosungiramo chifika ku Nsanje ndi ku Chitipa mpunga usanapse pamoto. Maiko ena adachita zodabwitsa pofuna kudziteteza. Algeria mu 2018 idazimitsa intaneti m'dziko lonse pa maola a mayeso. Ku Zambia chaka chomwecho mayeso adaimitsidwa kwa kanthawi pepala la masamu litatuluka. Ndipo ku Kenya, nduna Fred Matiang'i itakhwimitsa chitetezo mu 2016, ana opeza giredi A adatsika kuchoka pa 2,685 kufika pa 141 m'chaka chimodzi, chiwerengero chimene chidaulula zambiri za zaka zam'mbuyo kuposa zimene mboni iliyonse ikadaulula m'bwalo la milandu.

Tsiku lathu lidafika mu 2020, chaka chimene chidali kale ndi masautso okwanira. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo a fomu 4 adakhala kunyumba miyezi isanu ndi kupitirira, anyamata ena a kunyanja kuno n'kulowa m'bwato, atsikana ena n'kutenga pakati kapena kukwatiwa. Otsalawo adabwerera m'kalasi mu Seputembala, naphunzira mothamanga, nayamba mayeso kumapeto kwa Okutobala. Asanalembe masiku ambiri, mapepala adayamba kuyenda pa WhatsApp kuchoka pa foni ina kupita pa ina. Ndipo pa 4 Novembala nduna ya zamaphunziro, mayi Agnes NyaLonje, idalengeza kuti mayeso a MSCE athetsedwa, adzalembedwanso mu Malichi chaka chotsatira. Ana adapsa mtima, nathamangira m'misewu ya m'mizinda, apolisi n'kuwabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi. M'mawa mwake Pulezidenti Lazarus Chakwera adalankhula ku mtundu wonse, naloza chala oyendetsa bungwe la mayeso, nalamula kuti utsogoleri wake usinthidwe ndi kuti mayeso alembedwe Januwale asanathe. Mutu ukakula sulewa nkhonya: akuluakulu a bungwelo adaimitsidwa pa ntchito, Pulofesa Dorothy Nampota n'kupatsidwa udindo woliyendetsa, ndipo mtengo wokonzanso mayesowo udanenedwa kuti ndi K4.5 biliyoni, ndalama imene ikadamanga makalasi ndi malabotale ambirimbiri m'sukulu zoyendera zija.

Koma mtengo wina sudalembedwe m'mabuku a boma. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, atero a kunyanja, ndipo chilango chidagwera onse mofanana ngakhale tchimolo silidali lofanana. Pakuti pepala la pa WhatsApp lifuna foni yamakono, magetsi oitchajira ndi ndalama ya bandulo, zinthu zimene mwana wa kwa Kambalame kapena wa kwa Mwanza kawirikawiri alibe. Iye amene likasalo sadalione n'komwe adauzidwa kuti zimene adalemba zatayidwa. Ndipo makolo ake, amene adayesa kuti atula mtolo wa fizi, wa ufa ndi wa lendi ya kanyumba ka pafupi ndi sukulu, adayenera kuusenzanso m'miyezi ya njala, chimanga chitatha m'nkhokwe, kumunda kukufunika feteleza, pa Mbenji patatsekedwa.

Mayesowo adayambanso pa 5 Januwale 2021, m'kati mwa dzinja, mliri utabweranso ndi ukali woposa kale mpaka kutenga nduna za boma. Ndipo pa ulendo uno mapepala adaperekezedwa ndi kulonderedwa ndi asilikali a nkhondo. Anthu a ku Salima adazolowera kuona yunifolomu ya asilikali, pokhala ndi sukulu yawo ya MAFCO ndi gulu la odumpha pa ndege ku Senga Bay. Komabe ngakhale kwa iwo chidali chinthu chachilendo kuti dziko lafika poti envulopu ya mafunso a Chichewa ndi a masamu iyende mfuti ili pambali pake.

Zotsatira zitatuluka, mwa ana 138,310 amene adalemba, okhoza adali 57,293, ndiko kuti 41.42 pa 100 alionse, chiwerengero chotsika kuposa cha zaka zambiri zam'mbuyo. Anthu adagawanika pochimasulira. Ena adati taonani, umu ndimo maphunziro athu alili likasa likachotsedwa, monga zidaonekera ku Kenya. Ena adati iyayi, ana amenewa adataya miyezi isanu ku mliri, nalemba kawiri mitima itasweka kale, ndipo si chilungamo kuwayeza ndi muyeso wa zaka zamtendere. Ine ndiona kuti mbali zonse ziwiri zidanena zoona, ndipo palibe amene angathe kulekanitsa gawo la mliri ndi gawo la asilikali m'chiwerengero chimenecho. M'zaka zingapo zotsatira okhoza adakwera kupitirira theka pang'ono, mayeso a fomu 4 adalembedwa osathetsedwanso, ndipo a fomu 2 a JCE, amene adalembedwa komaliza mu 2016, adabwezeretsedwa mu 2021. Malonda aja okha ndiwo sadafe, adangosintha nkhope: mayeso akayandikira, MANEB ichenjeza za anthu amene atsegula magulu pa WhatsApp, nalonjeza pepala lenileni kwa aliyense wotumiza ndalama pa foni, n'kumutumizira mafunso a zaka zakale atasintha chaka pamwamba, kapena kungozimitsa nambala ndalama zitalowa. Oberedwawo sapita kupolisi, pakuti akakafika kumeneko akati ankagula chiyani?